Mkodzo, nthochi za agogo ndi duwa limene ndinaliwaula

Kwathu munthu wamkulu sanena kuti akukakodza. Amati akukataya madzi, ndipo aliyense amamva. Mawu amenewa ndakhala ndikuwayankhula moyo wanga wonse osawaganizira, mpaka chaka chimene ndinayamba kuwasunga madziwo m'chigubu cha mafuta ophikira kuseri kwa nyumba, mayi akunyumba n'kumandiyang'ana ngati munthu amene mutu wayamba kumusokonekera.

Komatu sindine ndinayambitsa. Agogo anga aakazi ku Chingale anali ndi kabeseni kachitsulo kakalekale, kothothoka utoto m'milomo, kamene kankagona pakona pafupi ndi mphasa yawo. Usiku sankatuluka panja, ati kuopa afisi ndi zina zoyenda usiku zimene sitizitchula maina. M'bandakucha, nkhuku zisanatuluke m'khola, ankatuluka nako atakabisa m'chitenje, n'kukakhuthula pa phata la nthochi kuseri kwa nkhokwe, kenako n'kutsanulirapo madzi otsukira mbale. Palibe ankanenapo kanthu. Koma mikoko ya pa phata limenelo inkachita kufuna mphanda ziwiri kuti tsinde lisagwe, pamene nthochi za kumunda zinkabereka tinthu tonga zala za mwana. Ife tinkangodya n'kumati pamenepo nthaka yake ndi yabwino.

Ndinawakumbukira agogo kumapeto kwa 2023. Mu November chaka chimenecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo feteleza, amene anali atakwera kale chiyambire nkhondo ya ku Ukraine, anafika poti ukafunsa mtengo wa thumba la Urea umangoseka n'kutuluka m'sitolo. Ine ndili ndi kadimba kuseri kwa nyumba kuno ku Zomba: mpiru, repu, chainizi, ndi mizere ingapo ya chimanga chodya chachiwisi. Sunali munda woti munthu n'kulembetsera AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo. Ndiye ndikufufuza pa intaneti ndinapeza zolemba za Peter Morgan wa ku Harare, yemwe uja anayambitsa chimbudzi cha Blair chokhala ndi paipi yotulutsira fungo, amene mu 2013 analandira mphotho ya Stockholm Water Prize. Mkuluyu anatha zaka akuthirira ndiwo zamasamba ndi chimanga ndi mkodzo wosakaniza ndi madzi, gawo limodzi la mkodzo pa magawo atatu kapena asanu a madzi, n'kumayerekeza ndi zimene ankazithirira madzi okha. Kusiyana kwake pa zithunzi sikunkafuna magalasi.

Masamu ake ndi osavuta. Munthu wamkulu amataya pafupifupi malita 500 pa chaka. M'lita imodzi mumakhala nayitirojeni wa pakati pa magalamu 3 ndi 7, kutengera zimene munthu amadya ndi kuchuluka kwa madzi amene amamwa, ndipo wambiri amakhala ali urea, yemwe uja timagula m'thumba loyera lolembedwa 46 peresenti. Tikatenga magalamu 5 ngati pakatikati, munthu mmodzi amataya makilogalamu awiri ndi theka pa chaka. Thumba la makilogalamu 50 la Urea lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni. Ndiye kuti anthu akuluakulu 9 kapena 10 amakodza thumba lathunthu chaka chilichonse, kuphatikizapo fosiforasi ndi potaziyamu pang'ono amene m'thumba la Urea mulibe n'komwe. Akatswiri a ku Sweden amene anafufuza zimenezi amati mkodzo wa munthu mmodzi wa chaka chonse ungakwanire malo a masikweya mita 300 mpaka 400.

Ndinayesa, ndipo zinatheka. Repu amene anali wachikasu ngati wodwala anabiriwira pasanathe masabata awiri. Chimanga chinachita kuda masamba. Mayi akunyumba anadandaula za fungo, koma nditaphunzira kukumba kangalande m'mbali mwa mzere, kutsanulira mmenemo n'kukwirira nthawi yomweyo, fungo linachepa, madandaulo n'kuchepanso. Ndiwo ankadya ndithu, ngakhale ankazitsuka kanayi.

Apa ndiye pamene matama anandilowa. Munthu ukapeza mankhwala amene achiza mutu, umayamba kuwapereka kwa wa mwendo ndi wa diso yemwe.

Panyumba pano pali maluwa awiri a mtundu umene pa Chingerezi amautcha orchid. Loyamba ndinalitola mu 2019. Anyamata ena ankadula mtengo waukulu m'mbali mwa msewu kuti akawotchere njerwa, ndipo pamphanda pake panali chitsamba chooneka ngati nzimbe zopinimbira, chokhala pa mulu wa mizu yoyera. Anali atachikankhira kumbali ngati zinyalala. Ndinawapatsa ya fanta, n'kuchikweza pa kabaza, kufika kunyumba n'kuchimangirira pamphanda ya mango ndi nsanza za chitenje. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti ndi Ansellia africana, duwa la kuno kwathu ku Africa, lachikasu lamaangamaanga ofiirira ngati chikopa cha kambuku. Lachiwiri si langa. Ndi Phalaenopsis, la masamba onenepa otambalala ngati lilime la ng'ombe, limene mwana wathu wamkazi anagulira amayi ake m'sitolo ina ku Lilongwe. Makolo a duwa limeneli kwawo ndi ku nkhalango za kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ku Philippines, Indonesia ndi madera oyandikana nawo. Linabwera m'kapoto kapulasitiki koonekera mkati, mopanda dothi ngakhale pang'ono, muli timakungwa tokha. Maluwa ake oyera anakhala miyezi itatu osayoyoka, ndipo mlendo aliyense wobwera pakhomo ankayamba waonetsedwa duwalo asanapatsidwe mpando.

Maluwa atayoyoka, linakhala chaka chathunthu lili duu, masamba anayi okhaokhawo. Tsiku lina mu January, ndikuchokera kudimba kheni ili m'manja, mutatsala madzi pang'ono osakaniza muja ndimasakanizira za repu, ndinaima pakhonde n'kuliyang'ana. Mumtima ndinati, duwa ili likufa ndi njala. Ndinatsanulira mpaka madzi anatulukira kunsi kwa poto. Sabata yotsatira ndinabwereza. Yotsatiranso chimodzimodzi. Mkodzo wake unali wa m'chigubu, umene unali utakhala mwezi ndi theka.

Poto woonekera mkati ali ndi ubwino wake, amakuonetsa tchimo lako bwinobwino. Muzu wa duwa limeneli ukakhala wamoyo umanenepa ngati chingwe cha chaja ya foni, ukauma umaoneka wotuwa ngati siliva, ukauthira madzi umasanduka wobiriwira nthawi yomweyo uli kuona. Kunsonga kwake kumakhala kamutu kobiriwira konyezimira, ndipo pamenepo ndi pamene muzu umakulira. Pofika sabata yachitatu timitu tonse tija tinali titada ngati nsonga ya machesi ozima. Mizu ya pamwamba inachita makwinya n'kusanduka yofiirira. Ya mkati inafewa, ukaifinya khungu limavuka n'kutsala kaulusi kowuma pakati. Pa timakungwa ndi m'milomo mwa poto munayera tinthu ngati ufa. Kenako tsamba la pansi linachita chikasu n'kugwa, linzake n'kulefuka ngati khutu la mbuzi.

"Abambo, duwa langali mwalitani?"

"Ine? Palibe. Mwina ndi dzuwa."

"Dzuwa mu February? Tabwerani mununkhize poto uyu."

Sindinapite kukanunkhiza. Ndinkadziwa chimene ndikamve.

Chimene chinandipweteka n'chakuti phunziro lake ndinali nalo kale kuyambira ndili mwana. Aliyense amene anaphunzira pulayimale ya kumudzi akukumbukira kuseri kwa chimbudzi cha anyamata, kumene tinkaima pamzere nthawi ya buleki chifukwa mkati munali mosalowereka. Pakati penipeni, pamene aliyense ankaloza, panali pouma gwa, udzu utapserera. Koma kuzungulira malowo udzu unkakula wobiriwira kuposa pena paliponse pasukulupo. Chinthu chimodzi chomwecho, apa chawotcha, apo chadyetsa. Kusiyana kwake ndi muyezo basi, ndiponso amene akulandira.

Ndiye taonani amene ankalandira. Repu ali m'dothi, ndipo dothi ndi mkhalapakati. Limagwira michere n'kumaipereka pang'onopang'ono, lili ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasintha amoniya kukhala nayitireti amene mbewu zimamukonda, ndipo mvula ikagwa imatsukira zotsala pansi. Repu mwiniwake ndi wadyera: pamasabata asanu ndi limodzi amayenera kuchoka pa kambande kufika pothyoledwa. Duwa la orchid la mumtengo lilibe mkhalapakati aliyense. Mizu yake imakhala pamtunda, itakakamira khungwa la mtengo, ndipo siyamwa kanthu kuchokera mu mtengowo, imangogwirira. Imakutidwa ndi khungu la maselo akufa longa siponji, limene akatswiri amalitcha velamen, ndipo ntchito yake ndi kumwa msangamsanga kadontho kalikonse kamene kadutsa, mvula isanathe. Kumtengoko chakudya ndi chiyani? Madzi a mvula amene atsetsereka pa khungwa atatengako fumbi, timasamba towola, mwina chitosi cha mbalame chosungunuka. Ndi msuzi wamadzimadzi zedi. Chomera chimenechi chinazolowera kudya ngati mpheta, tsamba limodzi kapena awiri pa chaka, ndipo ine ndinachiikira mbale ya mlimi wochokera kumunda.

Tiwerengenso. Gawo limodzi la mkodzo pa magawo asanu a madzi limapereka nayitirojeni wopitirira mamiligalamu 800 pa lita. Alimi a maluwa amenewa amene amathira feteleza pafupipafupi amasewera cha m'ma 50 mpaka 100, ena kutsika kuposa pamenepo. Ndinapyola muyezo kakhumi, mwina kuposa.

Ndipo nayitirojeni si yekha amene anapha mizu. Alangizi akamatiphunzitsa amati feteleza ndi michere ya m'nthaka, ndipo mawuwo ndi oona kuposa mmene timaganizira, chifukwa feteleza wambiri ndi mchere ndithu. Koma mumkodzo mulinso mchere weniweni, uja wa m'ndiwo. Pafupifupi wonse umene timathira m'nyemba ndi mu usipa thupi limautulutsira mumkodzo, magalamu angapo pa lita. Chomera sichiufuna. Dulani kabichi, muwaze mchere, mubwere pakapita mphindi khumi: mupeza madzi m'mbale, kabichi atalefuka. Mchere umakoka madzi. Siponji ija ya pa muzu inamwa madzi anga amchere, madzi n'kuuma ndi mphepo, mchere n'kutsalira. Sabata yotsatira ndinawonjezera wina pamwamba pa woyambawo. Ufa woyera uja wa m'milomo mwa poto unali umenewo. Mapeto ake muzu, mmalo momwa madzi, unkalandidwa madzi. Duwa linkafa ndi ludzu lili m'poto wonyowa.

Cholakwa chachitatu chinali chigubu. Mkodzo ukangotuluka kumene sununkha kwenikweni, ndipo pH yake (muyezo wosonyeza ngati madzi ali a asidi kapena a soda) imakhala cha m'ma 6, pafupi ndi madzi a mvula. Ukakhala masiku angapo, mabakiteriya amaswa urea uja n'kumusandutsa amoniya, pH n'kukwera kufika cha m'ma 9. Fungo lobaya m'mphuno lija ndi limenelo, ndipo fungolo ndi feteleza amene akuthawa, n'chifukwa chake chigubu chimafunika kutseka zolimba. Kudimba kusintha kumeneku ndi kwabwino, chifukwa amoniya amapha majeremusi. Malangizo a bungwe la WHO a 2006 amati mkodzo wosonkhanitsa kwa anthu ambiri usungidwe miyezi isanu ndi umodzi pamalo ofunda madigiri 20 usanathiridwe pa mbewu zodya zosaphika, pomwe wa banja limodzi wothira m'munda wa banja lomwelo ungagwiritsidwe ntchito osasunga, bola papite mwezi pakati pa kuthira komaliza ndi kukolola. Koma pa muzu wopanda dothi, madzi a amoniya a pH 9 ali ngati kusambitsa khanda ndi sopo wochapira.

Pansi pa chigubu chokhalitsa pamadikha matope oyera. Musawataye, akhuthulireni pa nthochi, chifukwa muli fosiforasi. Paja fosiforasi ameneyu munthu woyamba kumupeza anali Hennig Brand wa ku Hamburg mu 1669, ndipo anamupeza akuwiritsa mkodzo migolomigolo pofuna kupanga golide. Ndikamaganiza za akazi ake a bambo ameneyo ndimaona kuti mayi akunyumba sanavutike kwenikweni. Koma matope omwewo amatenganso magineziyamu ndi kashiamu, amene mumkodzo ndi ochepa kale, kotero madzi otsala pamwamba amakhala opanda michere iwiri imene maluwa a orchid amaifuna kuti masamba ndi mizu yatsopano ilimbe.

Pali nkhani ina imene alimi a maluwawa akhala akukangana kwa zaka zambiri. Ena amati urea ndi wopanda ntchito kwa orchid chifukwa m'makungwa mulibe tizilombo tokwanira tomusintha, ndiye amangodutsa n'kutuluka kunsi kwa poto. N'chifukwa chake mabotolo ena a feteleza wa maluwawa amachita kulemba monyadira kuti mulibe urea. Koma mu 2009 ofufuza a ku Université Laval ku Canada anasonyeza kuti mizu ya Phalaenopsis imatha kuyamwa urea mwachindunji. Kwa ine zimenezi zikutanthauza kuti ngati munthu waumirira kuthira mkodzo pa duwa lotere, wabwino ndi watsopano, wa tsiku lomwelo, osati wa m'chigubu.

Kupulumutsa duwa la mayi kunali ntchito ya Loweruka lonse. Ndinalizula m'poto, n'kutaya timakungwa tonse takale. Ndinatenga lezala latsopano, kuliwambika pa moto wa kandulo, n'kudula muzu uliwonse wofewa kapena wophwepwa. Pa mizu yoposa khumi inatsala itatu, nayonso yoduka nsonga. Ndinaitsuka ndi madzi a mvula a mu mgolo, ndinatsukanso poto, n'kuikamo makala oswa timiyalamiyala amene ndinawaviika usiku wonse, kusakaniza ndi makungwa a paini amene ndinatola kwa ocheka matabwa ochokera kuphiri. Kwa miyezi itatu silinalawe china chilichonse koma madzi. Tsamba lachitatu linagwabe. Linatsala limodzi ndi kachiphukira kakang'ono pakati.

Ansellia wa pa mango uja anapulumuka chifukwa cha ulesi wanga, kheni sinkafika pamphandapo popanda kukwera pa mpando. Koma nditakwera tsiku lina kukamuyang'anitsitsa ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo pa zaka zonsezo. Duwa limeneli lili ndi mizu ya mitundu iwiri. Ina yonenepa imakwawa pa khungwa n'kugwira mtengo. Ina yopyapyala, yolimba ngati zotokosera m'mano, imamera choloza kumwamba, mazanamazana, n'kupanga ngati dengu kuzungulira tsinde. Ndinapisamo chala. Munali masamba a mango owola, timaluwa ta mango touma, zitosi za mbalame, nyerere zili pikitipikiti, ndipo pansi pake kadothi kakuda konunkhira ngati m'nkhalango mvula itangogwa. Duwa linadzikumbira lokha dzenje la manyowa m'mwamba. Limadya, koma chakudya chake chimabwera pang'onopang'ono chaka chonse, chitayamba chawola, ndipo mvula iliyonse imalitsuka.

Alamu anga a ku Rumphi atabwera kudzacheza n'kumva nkhaniyi anaseka mpaka misozi, kenako anati, "Alamu, mmalo movutika ndi maluwa osadyedwawa, bwanji osalima chinaka ndi feteleza wanuyo? Mukhoza kulemera." Ambiri sadziwa kuti chinaka, chimene ku Zambia amati chikanda, chimapangidwa kuchokera ku timbatata ta maluwa a orchid a pansi, a mitundu ya Disa, Satyrium ndi Habenaria, tosinja n'kuphika ndi nsinjiro. Dziko lathu lili ndi mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo ku Nyika kokha kuli pafupifupi 200, yambiri ya pansi. Koma amenewa ndiye osayerekeza n'komwe. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya chosungira, ndipo sizimera pokhapokha zitakumana ndi mafangasi ena a m'nthaka amene amazidyetsa. Amakhala m'madambo ndi m'mapiri mmene nthaka yake ndi yosauka, udzu suwapitirira msinkhu. Mukathirapo nayitirojeni, amene asangalale ndi udzu. N'chifukwa chake okumba chinaka akamaliza dambo limodzi amangosamukira lina, mpaka kudutsa malire.

Kodi ndinasiyiratu? Ayi, ndine munthu wa makani. Koma panopa ndimachita chonchi, ndipo ndi Ansellia yekha. Supuni yaing'ono imodzi ya tiyi, mamililita 5, ya mkodzo watsopano m'lita imodzi ya madzi. Pamenepo nayitirojeni amakhala cha m'ma 25 mamiligalamu pa lita, ndipo ngakhale mutanunkhiza simungamve kanthu. Ndimayamba ndanyowetsa mizu ndi madzi wamba, kuti siponji ija ikhute kaye, kenako ndiye ndimathira osakanizawo. Kamodzi pa masabata awiri, kuyambira November mpaka March pamene mphukira zatsopano zikukula ndipo mvula ikutsuka yokha. Ikadula mvula masiku angapo, ndimatsanulira ndowa ya madzi wamba pakati pake. Nthawi zina ndimasakaniza ndi madzi a pampopi mmalo mwa a mvula kuti kashiamu apezekeko. Mu June ndi July, kukazizira chiperoni chili mbuu, duwa limakhala likugona ndipo silipatsidwa kanthu. Ndikamamwa mankhwala, kaya a malungo kaya ena, ndimasiya kusunga mpaka nditamaliza.

Chimodzi chokha sindiseka nacho: likodzo. Mazira a tizilombo ta likodzo la m'chikhodzodzo amatuluka ndi mkodzo, ndipo akafika m'madzi oima kapena oyenda pang'onopang'ono amaswa n'kulowa mu nkhono, kuchoka mmenemo n'kulowa pakhungu la mwana amene akusamba. Ife a ku Zomba, ndi Chilwa ali apayu, matendawa timawadziwa. Amene dimba lake lili m'mbali mwa mtsinje kapena padambo asathire mkodzo watsopano pamene ungakokolokere m'madzi, ayambe wausunga m'chigubu chotseka. Ndipo amene akuona magazi pokodza njira yake ndi ya kuchipatala, osati ya kudimba.

Tsono nditakhala pansi n'kuwerengera, ndinadziseka. Supuni imodzi pa lita, malita awiri nthawi iliyonse, kakhumi pa chaka. Onse pamodzi ndi mamililita 100, osakwana ndi kapu imodzi ya tiyi, pa malita 500 amene ndimataya pa chaka. Palibe ndalama imene ndikupulumutsa pamenepo. Kabotolo ka feteleza wa maluwa kamodzi kangathe zaka, ndipo kali ndi michere yonse m'muyezo wodziwika, pomwe mkodzo wa lero sufanana ndi wa mawa: wa m'mamawa ndi wokhathamira, wa masana utamwa madzi ambiri ndi wamadzimadzi, wa tsiku limene wadya nyama ndi wina. Amene ali ndi duwa limodzi lodula limene analandira ngati mphatso, ine ndingamuuze kuti alisiye, mkodzowo apite nawo ku chimanga, ku nthochi, ku mulu wa manyowa kumene umafulumizitsa mapesi kuwola. Kumeneko ndiye kuli phindu looneka ndi maso. Ku Niger amayi olima mchewere amauthira m'minda yawo atausunga m'zigubu, anaupatsa ndi dzina loti Oga kuti anthu asamachite nawo manyazi. Ife dzina tili nalo kale, timangofunika kusintha kotayira.

Mu September Ansellia anatulutsa nthambi zitatu za maluwa, zambiri kuposa chaka china chilichonse, ndipo masana kukatentha kafungo kake kamafika mpaka pakhonde. Aneba ena anaima pampanda n'kufunsa chimene ndimathira. Mayi akunyumba anayankha msanga ndisanatsegule pakamwa: "Madzi basi, achimwene." Sindinawatsutse. Ndiponso anzake a m'tchire, amene palibe amawathira kanthu, amachita maluwa mwezi womwewo, ndiye sindingalumbire kuti ndi supuni yanga ija.

Phalaenopsis anasamutsidwa. Panopa amakhala pawindo la kuchipinda, kuseri kwa katani yopyapyala, ndipo ine ndinaletsedwa kumuyandikira ndi chilichonse chokhala ndi madzi. Ali ndi masamba atatu tsopano, latsopanolo ndi lalikulu kuposa anzake. Sabata yatha mayi anandiitana kuti ndidzaone: muzu watsopano watuluka pansi pa tsamba, wonenepa, wotuwa, kamutu kake kobiriwira kakuloza kunja kwa poto. Ndinati ndiwathandize kutunga madzi a mu mgolo. Anandilola, koma nditabwera nayo jagi anayamba ainunkhiza kaye.